Chikwama cha tizidutswa ta zitenje chandipotokera, ndalakwitsa pati?

NaBanda_Chilinde:

Moni nonse muno. Ndine watsopano pa zosokazi ndiye mundikhululukire ngati funso langa likumveka lachibwana. Makina ndayamba kuwagwira miyezi itatu yapitayi, ndi a Singer akuda aja opalasa ndi mapazi, anali a malemu apongozi anga aakazi ndipo angokhala pakona zaka kaya zingati titawayalira kansalu nkuikapo maluwa apulasitiki kkkk mpaka tsiku lina ndinangoti ayi, chinthu ichi chigwire ntchito yake. Zomwe ndasokapo kufika lero ndi kupinda zitenje, mapilokesi awiri ndi kasiketi ka lasitiki ka mwana wanga, basi.

Nde pali telala wina kufupi ndi kwathu kuno amene tizidutswa totsala amangosesa nkukatentha kudzala. Ndinamupempha kuti azindisungira, pakutha pa mwezi anandipatsa thumba lija la 50 kg lodzaza ndithu mpaka ndinachita kukwezetsa pa kabaza. Muli zonse, zitenje za mitundumitundu, zotsala za mayunifomu a sukulu, satini wa madiresi a aperekezi, ka jinzi pang'ono. Cholinga changa ndi chikwama chopita nacho kumsika, chija cha zogwirira ziwiri chopachika paphewa, koma cha zigambazigamba, mkati muli chofewa ndipo pamwamba pasokedwa mizere kuti chizioneka chotukuka ngati duveti. Ndinachiona pa Facebook mtima unangoti chimenechi ndisoka ndekha.

Ndinadula chikatoni cha masentimita 10 uku 10 uku nkumadulira tizidutswa tonse. Pa mbali imodzi ya chikwama, mzere umodzi tizidutswa tisanu, mizere isanu, ndiye ine ndimayembekezera kuti chituluka 50 cm koma nditayeza ndapeza kumtunda 43 kumunsi 41. Makona sakukumana olo pamodzi. Mkati ndinaika bulangete lakale la mwana, kumbuyo nsalu yoyera, koma nditayamba kusoka mizere ija nsalu yapamwamba imangodzikundika kutsogolo kwa phazi la makina mpaka imapindika ndasokera pomwepo, pomaliza chonsecho chapendekeka ngati khoma loti ligwa mvula yoyamba. Kunsi ulusi wapanga zisa. Singano ndathyola ziwiri pomwe ndimayesa kuika zogwirira. Bambo akunyumba akuti ndingochisandutsa chopondera pakhomo, ndawayang'ana ndi diso loti asabwerezenso.

Mbali inayo sindinayambe, ndikuopa kuononganso. Kodi vuto ndi makinawa kuti ndi akale, kapena bulangete, kapena ineyo?

Telala_wa_pa_Khonde:

Mayi, makinawo asiyeni alibe mlandu. Ine ndinayamba kusoka nthawi imene thalauza la mzimayi linali mlandu kuno kwathu, ndipo makina amene ndinayambira ndi amtundu womwewo, mpaka lero ndi amene ndimasokera ma jinzi magetsi akathima. Chitsulo chimenecho mudzasiyira adzukulu.

Tiyambe ndi masamu chifukwa apa ndi pomwe ana onse amene ndawaphunzitsa amagwera. Msoko umadya nsalu mbali zonse ziwiri. Kachidutswa ka 10 cm mukasoka 1 cm kumanzere 1 cm kumanja katsala 8. Tisanu ndiye 40, kuphatikiza 1 cm wa m'mphepete uku ndi uku amene simunasoke, 42. Ndiye 50 munkamufunayo sakanabwera olo mukanasala kudya. Tsono inu mwapeza 43 kwina 41 kwina, zikusonyeza kuti misoko yanu siyofanana, pena mukudya zambiri pena pang'ono. Musaone ngati mamilimita awiri ndi nthabwala. Mukalakwitsa 2 mm pa msoko umodzi ndiye kuti mwadya 4 mm chifukwa nsalu ndi ziwiri, misoko inayi pa mzere, yakwana 1.6 cm. Makona angakumane bwanji? Mankhwala ake ndi osavuta, yezani 1 cm kuchoka pa singano kupita kumanja, matanipo tepi pa chitsulo chapansicho, ndipo posoka maso anu akhale pa m'mphepete mwa nsalu ndi tepiyo, osati pa singano. Singano imadziwa yokha kolowera. Komanso chikatoni chimadyeka mukamadulira kambirimbiri, lembani ndi pensulo pa nsalu kenako dulani motsatira mzerewo, osati kudula mutagwirizira chikatoni.

Chachiwiri, thumba lanulo likhuthulireni pamphasa musankhule. Nsalu sizikwatirana chisawawa. Satini uja muchotseni kaye, amaterera, amayoyoka m'mphepete, ngakhale ife timalimbana naye. Jinzi ikani padera mudzaifuna pansi pa chikwama ndi pa zogwirira. Zitenje zokhazokha zikhale pamodzi, koma nazonso masiku ano zambiri zotchipa ndi poliyesitala osati thonje. Ngati simukutha kusiyanitsa ndi dzanja, dulani kachidutswa kakang'ono muyatse ndi machesi panja. Thonje limayaka ngati pepala nkusiya phulusa lofewa, poliyesitala amasungunuka nkupanga kambulu kolimba kakuda. Kusakaniza sikoletsedwa koma dziwani kuti simbi yotentha bwino thonje imamata poliyesitala.

Ndipo podula muzitsatira ulusi wa nsalu. Gwirani chitenje muchikoke mlitali, sichitamuka. Muchikoke chopingasa kona ndi kona, muona chikutamuka ngati lasitiki. Tizidutswa ta kwa telala tambiri ndi tochokera m'khwapa ndi m'khosi, tokhotakhota, ndiye munthu umangoika chikatoni paliponse pamene chakwana osayang'ana ulusi walowera kuti. Kachidutswa kodulidwa chopingasa kamatalika pansi pa makina, kanzake sikatalika. Kupendekeka kwanuko kwina kwachokera pamenepa.

Simbi munaigwiritsa ntchito? Simunaitchule ndiye ndikukayika. Sitani musanadule, sitani mukamaliza mzere uliwonse. Mzere woyamba misoko igonetseni kumanja, wachiwiri kumanzere, wachitatu kumanja, choncho mukamalumikiza mizereyo misoko imalumana yokha pa makona, mumachita kumva ndi chala kuti yakhala. Bayani pini pa kona iliyonse musanasoke.

Tsopano za kudzikundika kwa nsalu. Mano a pansi aja amakoka nsalu yapansi yokha, phazi limapondereza yapamwamba, ndiye pakakhala bulangete pakati yapansi imathamanga yapamwamba imatsalira, nkumasonkhana kutsogolo. Musanapite pa makina yalani zonse zitatu pa tebulo mugwirize ndi singano yamanja, masitichi akuluakulu oti mudzasolola pambuyo, mtanda pakati kenako mizere ina motalikirana ngati chikhatho. Pamwamba pa makina kumanzere, molunjika phazi, pali kasikulu kozungulira, kamasuleni pang'ono kuti phazi lisamapondereze kwambiri. Sitichi italikitseni ifike mamilimita atatu. Yambirani mzere wapakati kumapita kunja, ndipo mizere yonse iyambire mbali imodzi, osati uwu kutsika uwu kukwera. Manja anu ntchito yake ndi kuyalula nsalu uku ndi uku basi, osakoka kumbuyo. Kukoka ndi kumene kumathyola singano chifukwa imapindika nkumenya chitsulo.

Singano munaika nambala chani? Ngati ndi 11 kapena 14 ndi yochepa pa zogwirira. Gulani 16, pa jinzi yopindapinda 18. Mukafika pokhuthala siyani kupalasa, zungulitsani gudumu ndi dzanja pang'onopang'ono. Ife pena timayamba tamenyapo ndi hamala kuti paphwe. Zisa za kunsizo anthu amathamangira kukhotetsa kasikulu ka shatulo, mokhala ulusi wapansi muja, ayi musakagwire, kawirikawiri vuto limakhala ulusi wapamwamba. Utulutseni muulowetsenso phazi lili m'mwamba kuti ulowe bwino pakati pa timbale tija topana ulusi, poyamba kusoka gwirani michira yonse iwiri kumbuyo, ndipo gudumu lisabwerere m'mbuyo, lizizungulira kubwera kwa inu nthawi zonse. Bulangete limasiya ubweya wambiri, tsegulani pansi mupukute, dontheziraninso mafuta a makina, osati ophikira chonde, ndinaonapo zimenezo.

Koma kunena zoona ine bulangete sindilikonda pa chikwama. Pitani kwa anyamata opanga masofa akugulitseni siponji yopyapyala, chikwama chimaima chokha ngati chogula mushopu.

Mayi_a_Chisomo:

Achemwali zomwe anena madalawa ndi zoona zonse, ine ndingoonjezerapo ziwiri zomwe zinandiliza ndekha.

Chapani tizidutswato musanadule!! Changa choyamba ndinasoka bwinobwino, chokongola, ndinaikamo zoyera pakatipakati kuti maluwa aoneke. Kuchapa koyamba chitenje china chofiira chinachucha, zoyera zonse zinasanduka pinki wodwala, kwinaku zina zinafupika zina ayi ndiye chikwama chonse chinakwinyika ngati nkhope ya munthu woti wadya bwemba. Chitenje chatsopano chimakhala ndi sitachi, chimanamiza, chimaoneka cholimba koma chikalowa m'madzi ndi pomwe umadziwa khalidwe lake. Anthu amati uziviika m'madzi amchere kuti chisasuluke, ine ndinayesa ndipo chofiira chija chinachuchabe. Chomwe ndimachita pano ndimaviika mitundu payokhapayokha m'mabeseni, chimene chikutulutsabe utoto nditatsukuluza katatu chimenecho chimapita ku zopondera. Popeza tizidutswa ndi tating'ono osatikwecha ngati malaya, timatha kuyoyoka, ingovikani, finyani ndi dzanja, yanikani pamphasa.

Chachiwiri zogwirira. Ine zinandidukira pakati pa msika, mkati muli mbatata, kabichi, tomato ndi botolo la mafuta, tomato kugubuduzika mpaka pansi pa benchi la mayi wogulitsa usipa, anyamata a mawilibala kuseka, manyazi ake sindidzaiwala. Ndinali nditangosokera mzere umodzi pakamwa pa chikwama, kulemera konse kumakoka pa kamzere kameneko. Pano ndimadula nsalu ya 10 cm mulifupi, 65 cm mlitali, ndimapinda pakati nkusita, kenako mbali zonse ziwiri ndimazibweretsa pa mzere wapakatiwo nkupindanso, chimatuluka chamasentimita awiri ndi theka, nsalu zinayi pamodzi. Ndimasoka mbali zonse ziwiri. Pomangirira ndimachitsitsa masentimita anayi kapena asanu pathupi la chikwama ndikusoka kabokosi, mkati mwa kabokosimo X, ndipo sitichi idutse zonse, chapamwamba, bulangete ndi chamkati. Ngati mukufuna chonyamulira ufa ndiye lamba azungulire mpaka pansi pa chikwama atulukire mbali inayo. Zogwirira zokhazi musazipange za tizidutswa tolumikiza, msoko uliwonse ndi poti padzaduke. Ngati mulibe nsalu yaitali pitani pa kaunjika mugule jinzi yong'ambika ija yoti palibe akuifuna, mwendo umodzi ukupatsani zogwirira zonse ziwiri, winawo pansi pa chikwama.

Kondwa_265:

Asisi ine zosoka sindidziwa koma chenjezo lokha, mu thumba la telala simulephera kukhala zitenje za zipani kkkkk muonetsetse musalumikize nkhope ya uyu ndi ya uyo pa chikwama chimodzi, mudzayambitsa msonkhano mu minibasi

Mayi_a_Chisomo:

Kkkk Kondwa ukuseka koma ndi nkhani. Ngakhale za mipingo, cha Mvano kapena cha Chigwirizano kapena cha Dorika, ine sindiziika pansi pa chikwama poti pazikhala padothi. Amayi ena zimawakhudza ndithu.

Anaphiri_ku_Leeds:

NaBanda mwana wanga, ndawerenga zonse ndipo ndikufuna ndikuuze chinthu chimodzi chomwe ndikanakonda wina akanandiuza poyamba. Masikweya ofanana si poyambira. Amaoneka ophweka chifukwa ndi mabokosi chabe koma ndi amene amaulula kulakwitsa kulikonse, pa mbali imodzi yokha ya chikwama chako pali malo 16 pomwe makona anayi akuyenera kukumana, ndipo diso la munthu limathamangira pomwe sanakumane. Ine ndinaphunzira zimenezi kuno ku kagulu ka amayi a kutchalitchi, azungu okalamba amene asoka makwiliti, zofunda za zigamba zija, moyo wawo wonse, ali ndi timipeni tozungulira todulira, marula oonekera, phazi lapadera lokhala ndi mano ake lomwe limakoka nsalu yapamwamba limodzi ndi yapansi, koma nawonso makona amawaphonya. Ndiye iwe ndi sizasi ndi chikatoni usadziweruze.

Mbali yachiwiriyo yesa njira iyi. Dula bulangete lako likhale lalikulupo kuposa chikwama chomwe ukufuna, onjezera masentimita atatu mbali zonse chifukwa kusoka mizere kumalifupikitsa. Tenga kachidutswa kamodzi uike pakati pa bulangete maluwa akuyang'ana kumwamba. Tenga kachiwiri ukavundikire pamwamba pa koyambako, maluwa ndi maluwa kuyang'anana, m'mphepete mofanana. Soka m'mphepetemo kudutsa mpaka bulangete. Tsegula kachiwiriko, sita, kagona. Tenga kachitatu uvundikire pa m'mphepete mwina, soka, tsegula, sita. Uzingopita choncho mpaka bulangete lonse litaphimbika. Ukaona kuti mbali yoti uphimbe yatalika kuposa tizidutswa tomwe uli nato, lumikiza tiwiri titatu padera tikhale kamzere kenako uike ngati kamodzi. Ubwino wake, kulumikiza ndi kugwiriza ku bulangete zikuchitika nthawi imodzi, palibe nsalu yaikulu yapamwamba yoti ithawe, ndiye kudzikundika kuja kulibe. Tizidutswa sitifunikanso kufanana, katali, kafupi, kopendekeka, zonse zimalowa bola m'mphepete mosokamo mukhale mowongoka. Ndipo sutaya nsalu, pomwe podula masikweya theka la thumba lako likanathera pansi. Ukamaliza utha kuonjezera mizere ina pamwamba ya kukongoletsa, lemba ndi kasopo kotsala kaja kopyapyala, kamachoka kokha pochapa. Kenako yeza ndi rula udule mbali zonse zikhale zowongoka. Nsalu yamkati usaisokere limodzi, isoke payokha ngati kathumba, idzalowa pomaliza nkubisa misoko yonse.

Pa siponji ndiye ndisiyana nawo pang'ono a Telala, mundikhululukire bambo. Chikwama chakumsika chimachapidwa pafupipafupi, mulowa nsomba, mulowa dothi la mbatata. Siponji imamwa madzi, imachedwa kuuma, ikakalamba imafumbutuka mkati nkumamveka timibulu. Ya chikwama chopita nacho ku ukwati chabwino. Koma ichi bulangete lopyapyala la mwana lija ndi labwino kale, lachapidwa kambirimbiri silidzafupikanso. Thawulo lakale kapena juzi ya flisi ya pa kaunjika zimagwiranso. Chongopewa ndi mabulangete okhuthala aubweya aja, amenewo makina sangawameze.

Ndipo usachite manyazi ndi zigamba. Kuno anthu amalipira ndalama zambiri kugula nsalu yatsopano kuti aiduledule nkuilumikizanso, ine zimandiseketsa mpaka lero. Ku Bangladesh ndi ku West Bengal amayi amasanjikiza masari akale nkuwasoka pamanja ndi sitichi yoyenda yomweyi tinaphunzira ku pulayimale, amati kantha. Ku America kuli kamudzi kotchedwa Gee's Bend ku Alabama, amayi achikuda a kumeneko ankasoka zofunda ndi maovolosi ndi ma jinzi akutha a amuna awo chifukwa cha umphawi, mizere yokhota, makona osakumana, ndipo mu 2002 zofunda zimenezo zinakapachikidwa m'nyumba zoonetsera zaluso ku Houston ndi ku New York anthu nkumachita mzere kukaziona. Agogo anga ku Ntcheu ankasoka chofunda cha zigamba chomwechi, ife tinkachibisa kukabwera alendo, ndikakumbuka zimandipweteka.

Mizere ya pamwamba ija ukhozanso kuisoka pamanja ndi ulusi wokhuthala wa kuluka uja, woyera kapena wachikasu, madzulo ukucheza. Imachedwa koma pa chitenje imaoneka bwino kuposa ya makina.

Telala_wa_pa_Khonde:

Anaphiri pa zochapa mwandigonjetsa, sindikana. Ine ndimasokera makasitomala amene amafuna chiime pa shelefu kuti chigulike. Koma bulangete lokha chikwama chimagona ngati mwana watulo, ndiye pansi pokha aikepo jinzi iwiri. Njira yanu yovundikirayo ndi yomwe timachita posoka zopondera pa saka, sindinaganize kuti munthu angaitengere pa chikwama.

Tiya_Zikwama:

Ine ndimasoka zogulitsa ndiye ndingoyankhapo za mtsogolo ngati mungadzafune bizinesi. Msika ulipo, makamaka chifukwa cha nkhani ya majumbo, paja boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, makampani anapita kukhoti, Supreme Court nkudzagamula mu 2019 kuti chiletso chikhalepo, ngakhale m'misika timawaonabe. Koma ndikuuzeni chilungamo, cha zigamba chimadya nthawi. Nthawi yomwe ndimasoka chimodzi cha zigamba ndikhoza kusoka zisanu za chitenje chimodzi, ndipo kasitomala wa kuno akamva kuti ndi zotsala amafuna umutsitsire mtengo, amati nanga nsaluyo si munangotola. Amene amalipira bwino ndi alendo ndi a m'maofesi. Ndiye sokani choyambachi chanu, musangalale nacho. Komanso telala wanuyo muzimugulirako ka fanta, tsiku lomwe adzaone chikwamacho tizidutswa tidzayamba kukhala ndi mtengo kkkk zinandichitikira.

NaBanda_Chilinde:

Aaa zikomo nonse, sindimayembekezera kuti mundiyankha motere. A Telala mwandigwira, simbi sindinaiyatse olo kamodzi, ndimangowongola ndi chikhadabo, ndimati ndidzasita chikatha. Singano ndayang'ana pa paketi ndi 14. Ndipo satini ndinamuika ndithu, tizidutswa tinayi, ndi pomwe papindika kwambiri. Kondwa usadandaule nkhope ndinaziona ndinazibweza mu thumba kkkk.

Dzulo ndaviika zonse ngati mmene ananenera Mayi a Chisomo, beseni la zofiira madzi ake ngati tapha mbuzi, la zobiriwira silinavute. Ndayamba njira ya Anti a ku Leeds pa mbali yachiwiri, ndafika theka ndipo chagona fulati, sindikukhulupirira kuti ndi manja omwewa. Pamodzi pokha ndinadzitsekera, panatsala kamalo kooneka ngati L koti sindikanatha kuphimba ndi msoko umodzi wowongoka, ndinangopinda m'mphepete mwa kachidutswa nkukasokera pamwamba, kaya ndi zololedwa.

Mafunso awiri otsala. Pansi pa chikwama ndimafuna pakhale potambalala kuti poto kapena kabichi azikhala bwino, osati chafulati ngati envelopu, zimatheka bwanji? Ndipo mbali yoyamba yopotoka ija nditani nayo, ndimasule yonse? Mizere ndinasoka ndi sitichi yaing'ono kwambiri, ndayesa kumasula umodzi ndi lezala ndaboola nsalu.

Anaphiri_ku_Leeds:

Ndi zololedwa mwana wanga, palibe wapolisi wa zigamba. Kuti usadzitsekerenso uziyenda mozungulira kachidutswa koyamba kaja, uku, kenako uku, ndipo kalikonse kamene waika kafike kumapeto kwa m'mphepete momwe ukuphimbamo.

Za pansi ndi zosavuta. Mbali ziwiri zija ukazidula kuti zifanane, pa makona awiri apansi a mbali iliyonse dulapo kasikweya ka 5 cm uku 5 cm uku. Ziphatikize maluwa ndi maluwa, soka kumanzere, kumanja ndi pansi, koma pomwe wadula masikweya usasoke. Kenako tsegula pakona paja, ukoke kuti msoko wa m'mbali ugone pamwamba pa msoko wapansi, pakhala kamzere kowongoka, soka pamenepo kawiri. Pansi patuluka potambalala pafupifupi 10 cm. Kumbukira kuti zimenezi zimadya msinkhu ndi mulifupi, ndiye ngati mbali zako ndi 42 chikwama chioneka chaching'onopo, ukafuna chachikulu lumikiza jinzi kumunsi usanadule makona. Nsalu yamkati uchite chimodzimodzi koma pa msoko wapansi usiye bowo loti dzanja lilowe. Lowetsa chikwama mkati mwa kathumba kamkatiko maluwa ndi maluwa, soka kuzungulira pakamwa, tulutsira chonse pa bowo lija, tseka bowolo, sita pakamwa nkusokanso mzere umodzi kuzungulira. Zogwirira ngati ukutsatira kabokosi ka Mayi a Chisomo uziika pomaliza penipeni. Pokhuthala pomwe mapini akupindika gwiriza ndi mapegi oyanikira zovala.

Telala_wa_pa_Khonde:

Yoyambayo musamasule mayi, sitichi yaing'ono pa bulangete mudzathera sabata ndi kuboola kwina kambiri. Ikani rula mupeze pomwe pali bwino, dulanipo chidutswa chowongoka, pindani m'mphepete ndi kansalu, musokere pa nsalu yamkati likhale thumba la foni ndi chenji. Zotsalazo dulani mabwalo awiri zikhale zogwirira poto, koma posakhala satini, ameneyo asayandikire moto. Lezala siyani, pali kachida komasulira misoko kokhala ngati foloko ya mano awiri, m'mashopu ogulitsa ulusi ndi mazipi kamapezeka.

NaBanda_Chilinde:

Ndabweranso patatha sabata ziwiri, chatha!! Ndinasoka mbali ina yatsopano, pansi jinzi, zogwirira jinzi, singano 18 sinathyoke ngakhale pa kabokosi kachitatu ndinachita kumenya ndi mwala wa mphero chifukwa hamala bambo anabwereketsa. Chogwirira chimodzi chatalika kuposa chinzake ndi kachala kamodzi, ndazindikira nditamaliza ma X onse anayi ndiye chikhala choncho. Thumba lamkati ndi mbali yoyamba ija, makona osakumana ali momwemo koma amawaona ndi foni yokha. Loweruka ndinanyamuliramo ufa 5 kg ndi kabichi awiri kuchoka kumsika mpaka kunyumba wapansi, ndimangomvetsera ngati pena pang'ambike, zii. Bambo aja amati chopondera afunsa ngati ndingawasokere cha laputopu, ndawauza kuti ayambe abweza hamala. Satini uja akadali mu thumba, ngati alipo akudziwa chochita naye andiuze.